Mjigo Woyenda ndi Alendo

Kumpoto kwa ufumu wa Tidzaonamawa, mukadutsa phiri lija linatha mitengo, kuli ufumu wa Tilibwino. Dzinali eni ake sanasankhe okha, ayi. Linabwera mwa lamulo, chaka chimene mfumu Chinkhokwe Woyamba anatopa ndi kumva anthu akuyankha moni kuti "tadzuka choncho."

Ufumuwu unali umodzi mwa khumi ndi awiri a mu Mgwirizano wa Maufumu Okwera Kumene. Akhala akukwera kumene zaka makumi asanu ndi limodzi tsopano, koma kumene akukwerako palibe anakuonapo. Mafumu ake, atatopa ndi kudzudzulidwa ndi anthu a kutsidya kwa nyanja, anakumana mu hotela ina yozizira bwino n'kupangana kuti azidzudzulana okha, pachibale. Zaka zisanu zilizonse akazembe a maufumu ena azipita kukaona mmene mnzawo akulamulira, azilemba lipoti, azipereka malikisi. Mwambowu anautcha Kuunikana kwa Anansi.

Nazimbiri, mayi wogulitsa mpiru ndi tomato mumsika wa Dikirani, za Mgwirizanozo analibe nazo ntchito. Iye chimene ankadziwa ndi dzenje la mjigo la kuseri kwa msikawo. Dzenje lenileni, lakuya bwinobwino, mapaipi ali m'kati, madzi ali pansipo, pamwamba powakidwa simenti yosalala. Chosowa chinali chimodzi chokha: mutu wake, uja umakhala ndi mkono wopopera. Pakamwa pa dzenjelo anavindikirapo chitsulo, ndipo masana mbuzi zinkagonapo. Anthu ankatunga ku dambo la Kanyimbi, kumene ng'ombe zimamwera uku zikudzithandiza.

Zaka zinayi zimene Nazimbiri anakhala ku Dikirani, dambolo linamutengera mwana wake woyamba, Yakobe. Mwanayo anatsegula m'mimba masiku atatu, lachinayi anamuika m'manda. Anatsala ndi Mwandida, wa zaka ziwiri, ndipo nayenso m'mimba mwake munali mutayamba zomwe zija. Nazimbiri ankachita mantha, mantha enieni, ndipo mantha ake ankatulukira pakamwa. Mumsika monse munalibe munthu wokalipa ngati iye.

Ndiye Lolemba lina m'mawa kunafika lole ya mtundu wobiriwira. Munatsika bambo wina wa imvi, wovala ovololo yong'ambika m'mawondo. Anathamangitsa mbuzi, anachotsa chitsulo chija, anatsitsa mutu wa mjigo wonyezimira penti watsopano. Dzuwa lisanafike pamutu, madzi anatuluka. Madzi oyera mbee, ozizira, opanda fungo! Nazimbiri anaimba nthungululu yekha, n'kuzindikira kuti amayi akale a mumsikawo sakumuthandiza.

"Wabweranso mlendo wathu," anatero Abiti Sumani, gogo wogulitsa usipa pafupi ndi iye, osadzuka n'komwe. "Tungani msanga, mwana wanga. Sachedwa ameneyu."

Nazimbiri anapita kwa bambo wa ovololo uja, ndowa ili m'manja.

"Bambo, mjigowu ndi wathu?"

"Mpaka Lachisanu ndi wanu, mayi," anayankha bamboyo akupukuta sipanala. "Ine ndine Lufeyo, makaniko wa Mgwirizano. Lachisanu kukubwera akazembe kudzakuunikani. Mjigowu umatsogola, iwo amatsatira. Akamaliza kuuona, ndimamasula."

"Mumamasula kupita nawo kuti?"

"Kumene akukaunika kenako. Maufumu ndi khumi ndi awiri, uliwonse uli ndi dzenje lake ngati lanuli. Ine ndimangoyenda ndi mutu."

"Mutu umodzi? Maufumu onsewo analephera kugula mitu yokwanira?"

"Anagula khumi ndi itatu," a Lufeyo anatsitsa mawu. "Khumi ndi iwiri ikuthirira kapinga kunyumba za mafumu. Uwu ndiye wa anthu. Pamsonkhano ananena kuti abale amagawana zinthu, ndiye ndi chitukuko chogawana chimenechi."

Anakanda pang'ono ndi chikhadabo pambali pa mutuwo. Pansi pa penti wobiriwira wa Tilibwino panali wofiira wa Sizathu, pansi pake wachikasu wa Mwadyanji, pansi pakenso wina. Mjigowo unali utanenepa ndi penti.

"Ndiye udzabweranso liti?"

"Pakatha zaka zisanu. Pokhapokha ufumu utalephera."

"Utalephera kumatani?"

"Buku limati ufumu ukalephera, akazembe azibwerera miyezi itatu iliyonse mpaka utakonza zinthu. Akazembe akamabwera, mjigo watsogola. Zinachitikapo kamodzi, ku Mwadyanji. Anthu kumeneko anamwa madzi abwino kanayi pachaka, mpaka ana kuyamba kunenepa."

"Analakwa chiyani a ku Mwadyanjiwo? Anapha anthu?"

"Aaa, kupha anthu malikisi sachotsa, mayi. Anawaphikira akazembe nkhuku, koma m'mbale munalibe nthutumba."

Nazimbiri anasenza ndowa yake n'kumapita. Koma mawu aja, kanayi pachaka, anapita nawo kunyumba.

Lachiwiri mumsika munalowa a Kachiwanda, Nduna ya Zoonetsa Alendo, atanyamula m'mwamba miyendo ya thalauza kuopa matope. Anali pavuto, akuluakuluwa. Mutu wachinayi wa buku la Kuunikana umafuna kuti munthu wamba mmodzi adandaule pamaso pa akazembe, kusonyeza kuti anthu ali ndi pakamwa. Kwa zaka khumi ndi zisanu ntchitoyi inali m'manja mwa mphunzitsi wina wopuma, amene ankadandaula mokoma kwambiri. Koma mphotho zake zinamunenepetsa mpaka khosi kusowa, moti ngakhale mlendo wokoma mtima chotani sakanakhulupirira kuti munthuyo ali ndi vuto.

"Tikufuna munthu woonda bwino, wa mawu omveka," anatero a Kachiwanda. "Ndani amadandaula kwambiri muno?"

Msika wonse, kuyambira ogulitsa makala mpaka osoka nsapato, unaloza Nazimbiri.

Anamukweza galimoto, Mwandida ali kumbuyo, ulendo wa kunyumba yachifumu kukaphunzira kudandaula. Polowa pachipata anauona mutu wa mjigo wa Tilibwino, uli pakati pa kapinga wobiriwira biriwiri, amuna awiri a yunifolomu akusinthana kupopa. Madziwo ankayenda m'ngalande kukathera pa maluwa. 

M'chipinda cha nduna munali pepala la madandaulo ovomerezeka, lodindidwa ndi nduna zisanu ndi ziwiri, zimene zinakhala masiku atatu kunyanja kuti zigwirizane.

"Musankhapo limodzi, mayi," anatero a Kachiwanda. "Loyamba: Mfumu Chinkhokwe Wachiwiri imagwira ntchito mopitirira, anthu tikuda nkhawa ndi thanzi lake. Lachiwiri: misewu yasalala kwambiri moti anthu akumagona m'minibasi n'kupitirira kwawo. Lachitatu ndi latsopano: madzi a pamjigo akuzizira kwambiri, akupweteka mano."

"Nditenga la madzi, bwana."

"Mwasankha bwino. Tanenani timve."

Nazimbiri ananena.

"Ayi, ayi, mukuchita ngati mukugulitsa tomato. Muikemo chisoni. Mutu mupendeke chonchi. Mungathe kutulutsa msozi?"

"Misozi ndili nayo, bwana."

"Umodzi wokha. Iwiri akazembe angaganize kuti zinthu zaipa. Ndipo mwanayu Lachisanu musamusambitse kwambiri, azioneka wa kumudzi."

Tsono taonani zimene madzi abwino amachita. Lachitatu Mwandida anamaliza phala lonse n'kunyambita supuni. Lachinayi m'mimba munaima, ndipo masana anapezeka akuthamangitsa anapiye kuseri kwa benchi la tomato, akuseka, timano take tonse tili pamtunda. Nazimbiri anali ataiwala kuti mwanayu amaseka choncho. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mjigo, ndipo mumtima anamaliza nkhani. Ufumu uwu ulephera. Ngati nthutumba inagwetsa Mwadyanji, nanga choonadi chonse chingalephere bwanji kugwetsa Tilibwino? Kaya amumanga, kaya amuthamangitsa mumsika, zimenezo adzaziona. Bola mjigo uzibwera kanayi pachaka.

"Mwakhala chete masiku ano," anatero Abiti Sumani akumuyang'ana cham'mbali. "Inuyo mukakhala chete ine ndimaopa."

"Ndikusunga mawu, gogo. Boma lawabwereka."

Lachisanu Dikirani anadzuka atasintha. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, mitengo inapakidwa laimu, ndipo galu wina amene anagona pafupi ndi msewuwo anadzuka ali woyera mbali imodzi. Opemphetsa anawatengera kuseri kwa phiri kukapuma. Pafupi ndi mjigo anamanga tenti yaikulu. Mfumu inakhala pampando wake wa mikono yagolide, maso ali pakati pa kutseka ndi kutsegula. Kumanja kwake kunakhala akazembe khumi ndi mmodzi, mtsogoleri wawo ali Kazembe Sambakunsi wa ku Tidzaonamawa, bambo wa magalasi okhuthala ndi mawu ofewa ngati wansembe.

Zolankhula zinayamba dzuwa lili chapamwamba pa mitengo n'kutha litapendeka. A Kachiwanda anati Tilibwino ndi nyali ya Mgwirizano. Kazembe Sambakunsi anati ayi, ndi dzuwa. A Kachiwanda anati ngati Tilibwino ndi dzuwa, ndi chifukwa chakuti anaphunzira kuwala kwa Tidzaonamawa. Anthu ankaomba m'manja nthawi iliyonse imene wapolisi wakweza ndodo.

Kenako akazembe anapita kukaona mjigo. Anauzungulira, anaugwiragwira, anaudabwa ngati sanauonepo chibadwire. Abale inu, zamanyazi! Kazembe wa ku Sizathu, amene mwezi watha womwewo anaudulira riboni kwawo, anafunsa kuti, "Kodi chida chodabwitsachi chimagwira ntchito bwanji?" A Lufeyo anamufotokozera kachisanu ndi chimodzi m'moyo wawo, nkhope ili gwa.

"Tsopano mutu wachinayi," analengeza a Kachiwanda. "Mawu a munthu wamba."

Nazimbiri anaima patsogolo, Mwandida ali kumbuyo.  Anagwira chimkuzamawu ndi manja awiri.

"Olemekezeka nonse, ine ndauzidwa kuti ndinene kuti madzi awa akuzizira kwambiri."

A Kachiwanda anagwedeza mutu momulimbikitsa, ngakhale mawu akuti "ndauzidwa" sanali papepala.

"Akuziziradi. Koma dandaulo langa si limenelo. Mjigo uwu wabwera Lolemba. Inu mukangokwera magalimoto anu, bambo awo aumasula. Ife timamwa ku dambo la Kanyimbi limodzi ndi ng'ombe. Mwana wanga Yakobe ali kumanda uko, kuseri kwa mibawa, chifukwa cha madzi amenewo. Si yekha. Pitani mukawerenge timitumbira tating'onoting'ono. Mutu wa mjigo wathu uli kunyumba yachifumu, ukumwetsa maluwa, ndauona ndi maso angawa. Miyala iyi yapakidwa dzulo. Opemphetsa athu ali kuseri kwa phiri, sanadye chidzukireni. Chipatala chimene mwadutsa chija mulibe ngakhale mankhwala a mutu, mabotolo mwaona pa shelefu aja ndi a madzi. Inu mwabwera kudzaunika. Unikani tsono! Lembani kuti ufumu uno walephera. Ndikukupemphani, mabwana, tilepheretseni!"

Msozi sunali umodzi. Inali yambiri, ndipo mutu sanapendeke.

 Wapolisi wa ndodo uja anayang'ana nduna, nduna inayang'ana mfumu, mfumu inatsegula maso onse awiri koyamba tsikulo. Abiti Sumani anayamba kulongedza usipa wake pang'onopang'ono. Nazimbiri anamanga bwino nsalu ya mwana, kudikira unyolo.

Amene anayamba kusuntha ndi Kazembe Sambakunsi. Anavula magalasi, anapukuta m'maso ndi mpango, anaimirira, n'kuyamba kuomba m'manja yekha, pang'onopang'ono. Akazembe ena anatsatira. Wapolisi, posadziwa chochita, anakweza ndodo, ndipo khamu lonse linaomba.

Akazembe anaunjikana pakona ya tenti, mitu pamodzi, buku lili pakati. Sanatenge nthawi yophika tiyi. Kazembe Sambakunsi anabwerera ku chimkuzamawu mawu akunjenjemera.

"Mfumu yolemekezeka, ine ndaunika maufumu kwa zaka makumi awiri. Ndamva anthu akudandaula kuti mfumu sipuma. Ndamva akudandaula kuti mvula ya mfumu imagwa yambiri. Koma lero ndaona chimene buku lathu linkangochilota: mayi wamba, wa mwana kumbuyo, akulankhula mosaopa pamaso pa mfumu yake, ndipo mpaka pano akadali chiimire! Ufulu wotere ungamere pati, ngati si pansi pa ulamuliro wabwino? Tilibwino watenga malikisi onse."

Ng'oma zinalira. A Kachiwanda, amene mphindi zisanu zapitazo nkhope inali itachita phulusa, anayamba kuuza oyandikana nawo kuti mayiyu anamuphunzitsa okha.

"Komanso," anapitiriza kazembeyo akutsegula buku, "mutu wachisanu ndi chinayi ukunena kuti ufumu umene watenga malikisi onse sufunikanso kuvutitsidwa pafupipafupi. Choncho Tilibwino sadzaunikidwanso kwa zaka khumi."

Nazimbiri anamva ngati wina wamuthira madzi a pamjigo aja mumsana. Anakankha wapolisi n'kufika pamene panali kazembeyo.

"Bwana, simunamve zimene ndanena?"

"Ndamva zonse, mayi, ndipo mwanena bwino kwabasi. Mawu anu alowa mu lipoti monga mmene alili, tsamba lonse. Adzawerengedwa m'misonkhano ya maufumu onse."

"Nanga mjigo?"

"Mjigo?" Kazembeyo anamwetulira mwachifundo, n'kutsitsa mawu. "Lolemba ukufunika kwathu ku Tidzaonamawa, mayi. Sabata yamawa ndife tikuunikidwa, ndipo wotsogolera akazembe ndi a Kachiwanda omwewa. Mukufuna akapeze dzenje lopanda mutu? Tingachite manyazi bwanji?"

Nazimbiri asanayankhe, anamugwira mkono n'kumuimika pamaso pa mfumu. Mfumu inamupatsa mphotho ya Wodandaula Wopambana: nsalu yatsopano ya mamita awiri, pakati pake pali nkhope ya mfumuyo ikumwetulira. Anawajambula chithunzi. Kazembe wa ku Sizathu anafunsa a Kachiwanda ngati mayiyu angabwerekedwe nthawi yawo ikadzakwana, poti abale amagawana zinthu.

Magalimoto atangonyamuka kupita kumadyerero, kumene nthutumba zinali zitawerengedwa kawiri, amayi a Dikirani anathamangira kumjigo. Anabwera ndi ndowa, mabeseni, mapoto, mitsuko, zigubu, wina mpaka ketulo ndi makapu. A Lufeyo anakhala pa simenti n'kuyamba kufunafuna sipanala yawo. Anaifuna m'thumba la zida, anaifuna pansi pa lole, anaifuna m'kabati ya dalaivala, pamene aliyense ankaiona ikusuzumira m'thumba la ovololo yawo. Anaifuna ola lathunthu. Dalaivala ataimba hutala kachitatu, anaipeza.

Nazimbiri anaima pomwepo akuonerera mabawuti akumasuka limodzilimodzi.

"Pepani, amake mwana," anatero a Lufeyo osamuyang'ana. "Ndikanadziwa, za ku Mwadyanji zija sindikanakuuzani."

"Bwenzi nditangoba nthutumba," anatero Nazimbiri.

"Bwenzi zitatheka."

Anakweza mutuwo pa lole, pafupi ndi chitini cha penti wa buluu wa Tidzaonamawa. Anabwezeretsa chitsulo pakamwa pa dzenje. Lole isanakhote n'komwe pa msewu waukulu, mbuzi yoyamba inali itakwera kale pa simenti.

Palibe anamukalipira Nazimbiri mumsikamo, ndipo zimenezo n'zimene zinamupweteka kwambiri. Ogulitsa makala anati ananena zoona. Osoka nsapato anati sanamvepo mawu otere. Ndi Abiti Sumani yekha amene anamuuza poyera, akuyalanso usipa wake Loweruka m'mawa.

"Munalankhula ngati munthu, mwana wanga, ine mtima unachita kuzizira. Koma mukanangoti mano akupweteka, bwenzi tikudikira zisanu zokha."

Madzi a m'ndowa ndi m'mapoto anatha Lachitatu. Nazimbiri anasunga chigubu chimodzi cha Mwandida yekha, kumupatsa pang'onopang'ono ngati mankhwala, koma Loweruka nacho chinalira mphepo. Pa wailesi ankawerenga mawu ake aja katatu patsiku, ndi mawu a mtsikana wophunzira bwino, kenako n'kuika nyimbo yothokoza mfumu.

Lamulungu m'mawa anabereka mwana, anatenga ndowa, anatenganso nsalu ya mphotho ija, ulendo wa ku Kanyimbi. Ng'ombe zinali zitamutsogolera. Panjira ankawerenga ndi zala: zaka khumi, ndiye kuti Mwandida adzakhala ndi khumi ndi ziwiri. Atafika pa chala chachitatu anasiya kuwerenga, chifukwa Yakobe anathera pa zaka zitatu.

Anayala nsaluyo pakamwa pa ndowa, nkhope ya mfumu ili m'mwamba, n'kuimanga ndi luzi. Anatunga ndi chikho madzi obiriwirawo n'kumathira pang'onopang'ono. Madzi ankadutsa, zotsalira zinkakhala pamwamba. Ndowa itadzaza, pa mphumi pa mfumu panali ndere, pa mano pake panali matope, ndipo pa tsaya lakumanzere mbululu zitatu zinkaphiriphitha.

"Onani, amayi, nsomba!" anatero Mwandida akuloza.

"Si nsomba, mwanawe. Ndi mfumu ikugwira ntchito."

Anakutumula nsaluyo, anaipinda, anaiika pamutu ngati nkhata, n'kusenzerapo ndowa. Mwana kumbuyoko anali atayamba kale kupempha madzi.